Dothi la Alamu Anga a Tuo

Alamu anga a Tuo anabadwira m'mphepete mwa nkhuti, ndipo ndikuona kuti adzafera momwemo. Ine ndinakwatiwa ndi mng'ono wawo, ndawaona akukalamba khasu lili m'manja, choncho ndikanena za iwo musati ndi miseche.

Makolo atagawa dziko m'zigawo zisanu ndi zinayi, chigawo chilichonse anachiikira mtulo wopita kwa mfumu. A ku Qing amatula mchere. A ku Yang, kutsidya kwa mtsinje wa Huai, amatula nsungwi ndi malalanje. Ife a ku Xu tsoka lathu linagwera pa dothi lomangira guwa la nsembe la mfumu: lofiira, loyera, lakuda, lachikasu ndi lobiriwira. Mudzi wathu ndiwo umakumba. Mwana wamkazi atha kukwatiwa kwina, koma wamwamuna wobadwira m'banja lokumba saloledwa kutuluka m'chigawo mpaka imfa.

A Tuo dothilo ankalinyadira ngati analiumba okha. Akalawa mowa wa mapira, makutu athu ankaona zakuda.

"Mfumu ikagwada paguwa, imagwada pa thukuta langa!" ankatero akudziguguda pachifuwa.

"Nanga mfumu yanuyo, alamu, imadziwa kuti mukugona ndi njala?" ndinkawafunsa.

"Iwe mlamu, mkamwa mwako muli minga. Mng'ono wanga anatola tsoka."

Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi, Wei, amene anakwatiwa ku Yang ndi mlimi wa malalanje. Kuyambira pamenepo mtima wa nkhalambayo unasamukira kutsidya. Msana unali utapindika, chifuwa cha fumbi chosawapatsa mpata. Wei ankatumiza mawu kudzera mwa opalasa bwato kuti malo alipo, abwere adzapume ndi kuona mdzukulu. A Tuo anakagwada kwa kapitawo wa nkhuti kangapo konse, yankho lili lomwelo: wokumba ndi wa ku Xu, mtsinje sawoloka. Akaweruka ankakhala pagombe kuyang'ana utsi wa midzi ya kutsidya. Zinkandimvetsa chisoni, ngakhale sindinkawauza.

Kenaka kunabwera mvula ija yosaiwalika. Huai anasefukira, natithamangitsira kuphiri, natenga nkhumba ndi mapira athu. Madzi ataphwera tinatsika n'kupeza malodza: mtsinje unali utasiya njira yake n'kukadula kumpoto kwa mudzi. Pakati pa ife ndi Yang panangotsala mchenga. Minda ndi nkhuti zonse zinali zitakwiririka ndi matope otuwa.

Ngakhale mwana amadziwa kuti malire a Xu ndi Yang ndi Huai. Ngati mtsinje uli kumpoto kwathu, ndiye kuti ife tasanduka a ku Yang, ndipo a ku Yang sakumba dothi. Anthu otaya zonse tinaseka ngati tapenga. A Tuo anavina ndi msana wawo wopindikawo, natuma munthu kwa Wei kuti abwere adzawatenge. Tinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Posakhalitsa kunafika nduna ziwiri kudzaweruza malire, ina ya ku Xu, ina ya ku Yang. M'mudzi tinapangana kuti aliyense atseke pakamwa.

"Alamu, lero mlomo muusiye m'nyumba," ndinawachenjeza.

"Ukundiyesa mwana eti? Mawa lino ndikudya mpunga kwa Wei."

Nduna ya ku Xu inati mtsinje ndi woyendayenda, malire aweruzidwe ndi nthaka monga anachitira makolo: ya ku Xu ndi yofiira ndi yonata, ya ku Yang ndi matope. Ya ku Yang inavomera, nikanda pansi ndi ndodo. Matope. Inakanda pena. Matope okhaokha. Tonse tinawerama, kudikira kuti amalize.

Nduna ya ku Xu inasasa fumbi pamkanjo wake ngati yagonja. Koma munthuyo anali nkhandwe, ndipo kapitawo anali atamunong'oneza kanthu.

"Tengani mudziwo," inatero mokweza. "Kuno dothi lenileni linatha kalekale. Nkhalamba zabodzazi zakhala zikutumiza kwa mfumu matope onyika mu utoto."

Ndinamva a Tuo akupuma ngati ng'ombe pambali panga. Ndinawagwira malaya, koma anandikankhira uko, natola khasu. Anapita pomwe panali nkhuti yakale, nayamba kukumba. Mwamuna wanga anawaitana ndi mawu olira, "Achimwene! Achimwene, bwerani kuno!" Sanamve. Matope anatha, khasu linatuluka lofiira.

"Uwu ndi utoto?" anakuwa, akuponya chibuma pamapazi pa nduna. Anasuntha, nakumbanso. "Nanga lachikasu ili? Nanga loyera ili? Agogo anga anakumba pano, atate anga anakumba pano. Wabodza ndani?"

Anaima ali wefuwefu, akumwetulira, akuyang'ana uku ndi uku kuti wina awaombere m'manja. Palibe amene anaomba. Ndinaona kumwetulirako kukuzima pang'onopang'ono.

"Mwatithandiza, akulu," inatero nduna ya ku Xu mofatsa.

Tsiku lomwelo anazika mwala wa malire kummwera kwa mudzi, m'mphepete mwa mchenga wa mtsinje wakale. Kapitawo analamula kuti tifukule nkhuti zonse. Anthu analeka kuwapatsa moni a Tuo. Ineyo ndinawatukwana mpaka mawu anasasa, kenaka ndinawaphikira phala, chifukwa panalibenso wina wowaphikira.

Za malirezo Wei sanamve. Anafika m'mawa wina atayenda pansi pamchengapo, khanda lili kumbuyo, paphewa pali mtengo wokolekapo madengu awiri opanda kanthu, oti anyamuliremo katundu wa atate ake. Anawapeza m'nkhuti, matope mpaka m'mawondo.

"Atate, mukukumbiranji? Tulukani tizipita dzuwa lisanatenthe. Mphasa yanu ndayala kale."

A Tuo anangoyang'ana khasu. Ndinachita kumufotokozera ndine. Wei anatula madenguwo pang'onopang'ono, nakhala pansi.

"Atate, mukanangolola kuti akunyozeni tsiku limodzi lokha."

"Anati ndine wabodza, mwanawe."

"Akanati wabodza, akanati wakuba, ine ndikanakusungani ndithu."

Misozi inawatsika. Anatuluka m'nkhutimo, napukuta manja pa udzu nthawi yaitali, napempha kuti anyamuleko mdzukulu. Anamuyang'anitsitsa, nafunsa ngati ndi wamwamuna. Wei atavomera, iwo anati, "Usadzabwere nayenso kuno. Angadzamuwerengere m'banja mwanga."

Anaperekeza Wei mpaka pamwala paja, mwana ali m'manja mwawo, ine ndikutsatira m'mbuyo. Pamenepo anamubweza kwa mayi wake. Wei anasenza madengu ake opanda kanthu, nauyamba ulendo akulira. Kutsogolo kunalibe madzi, kunalibe mpanda, mchenga wokhawokha woti ngakhale nkhalamba yachifuwa ingadutse ndi ndodo. Alamu anga anaika dzanja pamwalapo, naima.