Chithunzi cha Alamu

M'fulati yathu ku Etobicoke munali chithunzi chimodzi chokha pakhoma: alamu anga, mng'ono wa amuna anga, atavala jekete yobwereka, akumwetulira ngati ndi yawo. Anali mphunzitsi. Titangofika kuno, ine kudzagwira unamwino, bambo akunyumba kudzaphunzira, tinamva kuti alamu atengedwa m'kalasi choko chili m'manja. Mlandu wake sitinaumve. Masiku amenewo kwathu munthu akatengedwa ndi boma, abale ankachotsa zithunzi zake msangamsanga, kuopa kuti nawonso atchedwa zigawenga. Ife tinachisiya pakhoma. Tinkati Canada ndi kutali.

Chakumapeto kwa Febuluwale, sinowo atayamba kuda m'mbali mwa misewu, ndinaona mzungu ataima pampanda wa kuseri kwa nyumba yathu. Anali ndi magalasi oonera patali, ndipo anawalozetsa pazenera lathu, pansanjika yomaliza. Kuzizira kwake kosati masewera, koma iye anangoima nji. Mawa lake anabwera awiri. Kenaka kunafika wina ndi kamera yaitali ngati munsi.

Tinkadziwa kuti pakati pa Amalawi akunja pali makutu a boma, ndipo ngakhale kutchalitchi tinkangokamba za kuzizira basi. Koma kuti angalembe azungu ganyu yotizonda, zimenezo sindinaziganizepo. Ndani wanzeru zake angaime m'chisanu chotero popanda malipiro?

"Mayi, tsekani makatani," anatero bambo. "Atifolo mpaka kuno. Chithunzichi achiona."

"Ndiye tichibise m'sutikesi."

"Akadzasecha? Mukufuna akatenge amayi kumudzi? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Ndinakana kwamtuwagalu zoti tichiwononge. Amuna anga ndi munthu woti akaopa amakhala chete, ndipo ine ndikaopa pakamwa sipatsekeka, choncho m'nyumba munali phokoso la munthu mmodzi. Chithunzicho ndinachitsitsa, n'kuchiika pansi pa matiresi. Kuntchito ndinkabaya odwala jakisoni maso ali kukhomo. M'basi aliyense wovala chikhoti chachitali ndinkamuyang'ana cham'mbali. Ndege iliyonse yodutsa pamwamba pa denga, ine ndinkati ndi imeneyo yodzatitenga.

Loweruka lina m'mawa anthu aja anachuluka, magalimoto ndandanda mumsewu. Pochokera kogula mkaka ndinamva fungo la utsi pamasitepe. Ndinawapeza bambo ataima pasinki, madzi akutuluka, phulusa likuzungulira polowera madzi. Matiresi anali atatembenuzidwa. Sanandiyang'ane.

Mantha anga anasanduka ukali. Ndinatsika mkaka uli m'manja, n'kulunjika pampanda paja, ndikuti ngati n'kufa ndife lero. Woyamba kukumana naye anali mayi wachikulire wa chipewa chaubweya, mphuno itafiira ndi mphepo.

"Mukufuna chiyani kwa ife?" ndinamufunsa m'Chingerezi.

Iye anaika chala pakamwa. "Pang'onopang'ono, mungamuthawitse. Mumakhala m'nyumba imeneyi? Mwayi wake! Taonani."

Anandikoleka magalasi aja m'khosi, n'kundikweza chibwano pang'ono. Ndinaona zenera lathu, makatani anga otseka. Pamwamba pake, m'mphepete mwa denga, panakhala chimbalame choyera mbee, chamutu wobulungira, maso achikasu otsinzina mwaulesi. Kadzidzi.

Mayi uja anandinong'oneza kuti mbalameyi imachokera kumpoto kwenikweni, kosamera mitengo, ndipo imakonda madambo a kubwalo la ndege lapafupi ndi kwathu chifukwa mbewa n'zambiri. Kukayamba kufunda ibwerera. Ena mwa anthuwo anachokera kutali ku Oshawa kudzangoiona. Kungoiona basi, osaigenda, osaidya.

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo iwo anayesa ndasangalala. Kenaka kuseka kunandithera. Kwathu kadzidzi akatera padenga, amayi ankamuponyera chikuni chamoto, chifukwa mbalame imeneyo sibwera ndi uthenga wabwino. Apa n'kuti atakhala pamutu pathu masabata, ife osadziwa.

Nditakwera ndinawauza bambo. Anakhala pampando, manja akadali akuda ndi phulusa. "Mbalame?" anatero.

Mu Malichi sinowo anasungunuka, atsekwe anayamba kudutsa m'mwamba akulira, ndipo kadzidzi uja anapita. Pampanda panakhala zii. Makatani tinatsegula, koma pakhoma panatsala msomali wokha.

Alamu sanatuluke m'ndende. Sitinauzidwe tsiku, ngakhale manda. Mwana wathu wamwamuna atakula anafunsa ngati n'zoona kuti amafanana ndi bambo ake aang'ono, monga ankanenera achibale. Bambo ake anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Sindikukumbukanso bwino."