Diso la Amalume ndi Makina Awiri

Mpaka lero ndikaganiza za diso la amalume, mtima umandiwira. Amalume anali telala ku Bertrams, dera lina la ku Joni, ndipo ndi iwo anandisunga nditangofika kumeneko. Matenda a shuga anawatupitsa kanembanemba ka mkati mwa diso lamanja, ndipo limenelo linali diso lokhalo lolowetsera ulusi pasingano, poti lamanzere linali litafa kale.

Mwezi uliwonse ndinkawaperekeza kuchipatala. Ankaika chibwano pamakina, makinawo n'kujambula mkati mwa diso, n'kutulutsa nambala yosonyeza mmene kanembanembako kachindikalira. Nambala ikakwera, ankawabaya jakisoni m'disomo kuti kutupako kuphwe.

Tsiku lina tinapeza makina aja atafa, ndiye anatitumiza kuchipinda china komwe kunali makina a kampani ina. Nambala inatuluka yotsika. Dokotala, yemwe anali wachilendo kwa ife, anaiyerekeza ndi ya mwezi wapitawo n'kumwetulira. Anafunsa m'Chingerezi, "Muli bwanji, baba?"

Amalume, ndi ulemu wawo wa ku Machinga uja, anagwira chipewa pachifuwa. "Ndili bwino, kaya inu adokotala?"

Umenewo unali moni chabe! Munthu ameneyu m'mawa womwewo anali atathira tiyi patebulo, kapu ili pambali. Koma dokotala analemba kuti wodwala akuti akupeza bwino, jakisoni ayi, adzabwere pakatha miyezi itatu. Nditati nditsegule pakamwa, amalume anandiponda phazi. Kwa iwo kutsutsa dokotala chinali chipongwe.

Titapitanso, makina akale anali atakonzedwa, ndipo nambala inali itakwera kuposa kale lonse. Nesi wina anandiuza, ngati nkhani wamba, kuti makina awiriwo poyeza sayambira ndi kuthera pamalo amodzi, choncho nambala zake siziyerekezedwa. Aaa, zoona? Amalume, amene sukulu anailekeza panjira, sankayeza chiuno ndi tepi ya mainchesi n'kukadula nsalu ndi ya masentimita. Nanga anthu ophunzira chonchi zinawavuta pati?

Ndimakwiyira dokotala uja, ndimakwiyira ulemu wathuwu, koma kwambiri ndimadzikwiyira ndekha. Kungondiponda phazi basi, ine n'kukhala duu ngati chitsiru.

Jakisoni anayambiranso, koma mochedwa, ndipo amalume anasiya kusoka. Tsiku lowakweza basi yobwerera kumudzi, anandigwira mkono n'kundikokera chakumbali.

"Ima cham'mbali apa, mphwanga, ndikuonere pakona ya diso," anatero. "Ndikakuyang'ana molunjika, pankhope pakopo pamangokhala mdima."