Ndikasindikize zithunzi zanga zamaliseche kuti mundithandize?

Ndinapita kuofesi kukapempha kuti zithunzi zanga zichotsedwe pa intaneti. Potuluka, oziona anali atawonjezekera atatu, onse a muofesi momwemo.

Ambiri mukundidziwa, ndimagulitsa zitenje pamsika pa boma pano. Ambirinso mwaziona kale, musanamizire. Inde, ndine. Ndinajambulira mwamuna amene ankati andikwatira. Chibwenzi chitatha anaziponya patsamba lija la miseche, iye n'kuwolokera ku Tanzania, nambala n'kusintha. Sindinamulole.

Manyazi a pamsika ndawameza. Chikundiwawa ndi bambo anga ku Nthalire. Ndi mkulu wa mpingo, anandilera okha mayi atamwalira. Sanazionebe chifukwa kwathu netiweki mpaka ukwere pachulu. Koma Loweruka likubwerali kuli msonkhano wa makwaya kumpingo kwawo, ndipo a pa boma pano akupita konko ndi mafoni awo.

Ndiye Lolemba m'mawa ndinasiya malonda, ulendo kuofesi imene amati imathandiza amayi ochitiridwa nkhanza. Ndinadikira mpaka dzuwa pamutu. Bambo wa padesiki atandiitana ndinafotokoza chapansipansi. Iwo mokweza: "Mukuti vichi, mama? Zithunzi zamaliseche?" Mzere wonse unatembenuka.

Anati ndiwaonetse. Ndinapempha kuti aone wamkazi. Akuti wamkaziyo wapita kumaliro ku Lufita. Ndinapereka foni. Anayang'ana, n'kukulitsa ndi zala. Kenako anaitana mnzawo, ati atsimikize ngati ndinedi. Mnzawoyo anaitananso wina. Abale, nkhope yanga ili pamene mumakulitsa paja?

Atakhuta anandibwezera foni. "Umboni wa mufoni sitilandira, mama. Mukasindikize papepala, zooneka bwino, mubweretse."

Ndikasindikize kuti? Osindikiza a pa boma pano timadziwana. Wina timaimba naye kwaya, winayo ndi mlamu wa achimwene anga. Ndikaime pamenepo pepala likutuluka pang'onopang'ono m'makina? Ndabwera kudzazimitsa moto, inu mukundituma nkhuni.

Ndinafunsa kuti nanga zochotsazo zili pati. Akuti iwo sachotsa, eni tsamba ali kunja. N'kuwonjezera: "Kweni imwe namwe, mumajambuliranji?" Anaseka onse atatu. Amene anaponya zithunziyo, ngakhale dzina lake sanandifunse.

Lachitatu ndinabwereranso. Wamkazi uja ndinamupeza, mtima unakhalako pansi. Anandimvetsera, anagwedeza mutu, kenako anati popanda mapepala aja nkhani singatsegulidwe. Ati ndizipemphera, anthu amaiwala. Ndinagwada, ine munthu wamkulu, pasimenti. Anati ndidzuke, ndikuchedwetsa ena.

Musaganize kuti ndangokhala. Podandaulira pa tsambalo ndadina mpaka chala kuwawa. Amayankha ndi makina, m'Chingerezi, ati akuunika. Woyendetsa tsambalo ndamulembera, amawerenga n'kukhala chete. Pamsika azibambo amaima pabenchi yanga osagula kanthu, kungondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sindikudya. Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha.

Ndiye ndikufunsa akuluakulu a ofesi imeneyo: lamulo loti mkazi asindikize maliseche ake kuti mumumvere analemba ndani? Ngati simuchotsa, bwanji osandiuza kumene amachotsa? Akanakhala mwana wanu, mukanaitana anzanu kudzatsimikiza?

Amayi anzanga, zikakugwerani musapite nokha, ndipo foni isachoke m'manja mwanu.

Amene akudziwa njira yochotsera zinthu izi, chonde ndipezeni lero, osati mawa. Inu muli nazo m'mafoni, fufutani, ndakugwirani mwendo. Makamaka inu okwera lole Loweruka. Mukakafika mukawapeza bambo anga pakhomo la tchalitchi atavala jekete, akukupatsani moni mmodzimmodzi, n'kumakufunsani ngati mwana wawo mwamusiya bwino.