Tsiku Limene Ndinayeretsa Tchizi ya Dona

Ndikukumbukira khitchini la nyumba ya bwana wamkulu, pamwamba pa minda ya tiyi m'chigwa cha Honde, mmene bambo anga, a Zuze, ankagwira ntchito ya ukhukhi. Munkamveka fungo la utsi wa bulugamu ndi la buledi wotentha. Ife tinkakhala kukomboni, m'kanyumba ka esiteti. Kwathu ku Tete kunali nkhondo, kotero ntchito ya bambo ndiyo inali denga lathu. Tonse tinkadziwa kuti khukhi amene analipo iwo asanabwere anauzidwa kumanga katundu chifukwa chongochulutsa mchere mu supu.

Loweruka lina, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kunkabwera alendo ochokera ku Harare, akuluakulu a bwanayo. Bambo anali atadzicheka chala, ndipo dona, mkazi wa bwanayo, anawalola kuti ndikawathandize. Anatenga nsomba zitatu za m'damu la esiteti, zimene kwathu timati mphende, nazicheka mizere m'nthiti, nazipaka batala, adyo ndi mandimu, naziika mu uvuni wa chitofu cha nkhuni. Ine anandipatsa ntchito ya saladi: kutsuka letesi, kusenda mapeyala, ndi kudula tchizi imene dona anaiitanitsa ku Mutare naidikira milungu iwiri.

Nditafutukula pepala lonyezimira lija, fungo linandiwomba kumaso ngati la jombo za othyola tiyi m'dzinja. Mkati monse munali mitsitsi ya chuku chobiriwira. Mtima unandipweteka chifukwa cha dona wonyengedwa ndi amalonda. Kusukulu ya mishoni asisitere anatiphunzitsa kuti chuku ndi matenda, ndipo amayi sankasinja chinangwa chouma asanachipale chuku chonse. Choncho ndinatenga kampeni, ndinatokosola kadontho kalikonse moleza mtima, ndinatsuka zotsalazo pampopi, ndipo zobiriwirazo ndinakataya kudzala, kumene nkhuku zinazilandira mwachisangalalo. Pambale panatsala tizidutswa toyera tosadzaza ngakhale chikhato, koma ine ndinali wonyada.

"Rozina, tchizi ili kuti?" anafunsa bambo.

"Ndi imeneyo, bambo. Inali itawola, ndaiyeretsa."

Anayang'ana mbale, nayang'ana nkhuku pawindo, nakhala pansi pa bokosi la nkhuni.

"Mwanawe, chukucho ndicho dona anatumira lole ku Mutare."

"Kodi amadya zowola?"

"Amadya. Ndipo owaphikira safunsidwa maganizo."

Nthawi yomweyo tinamva galimoto ikukwera chitunda. Bambo anadzuka msanga. Anafinya tizidutswa tija ndi foloko, nathira kirimu, mandimu ndi tsabola, nawaza pa letesi. Nsomba zinatuluka mu uvuni khungu lili psuu, batala akuwira m'mbali, koma kwa ine sizinanunkhire konse. Atanyamula mbale kulowa nazo kwa alendo, ndinatuluka kukakhala pakhonde lakuseri.

Sindidziwa kuti anadya nthawi yaitali bwanji. Ndinkamva mafoloko akugunda mbale, ndipo kukangoti zii ndinkati basi, atulukira. Maso anga anali pa mapiri a kumalire, kumene nkhungu inali itayamba kutsika. M'mutu ndinali nditamanga kale katundu wathu: mphasa ziwiri, mapoto, mng'ono wanga kumsana kwa amayi, ndi buku langa la Chingerezi limene asisitere akanandilanda. 

Kenaka dona analowa m'khitchini atanyamula mbale ya saladi yopanda kanthu, nafunsa chimene chinachitikira tchizi yake. Bambo anagwira chala chawo chomanga nsanza, nayamba kunena kuti cholakwacho chinali chawo. Sindinathe kupirira. Ndinaimirira pakhomo ndi kunena m'Chingerezi changa cha kumishoni kuti ndine ndinaitsuka, pakuti inali yauve.

Dona anandiyang'ana kwa nthawi imene ndinaiyesa chaka. Milomo yake inayamba kunjenjemera, kenaka anaseka mpaka kugwirira tebulo. Anati nsomba zatsala minga yokha, ndipo mlendo wamkulu, amene amadana ndi tchizi yachukuyo, watapa saladi kawiri. Komabe potuluka anatembenuka nauza bambo kuti ndisadzayandikirenso firiji yake.

Bambo sanaseke. Potsika kukomboni pakati pa mizere ya tiyi anandigwira dzanja, ndipo ndinamva lawo likunjenjemerabe. Anangoti, "Safunsa anadya phula, Rozina. M'nyumba ya eni, ukaona chachilendo, funsa." Amayi sanauzidwe mpaka patapita zaka.

Lero mwana wanga wamkazi ali ndi uvuni wamagetsi m'nyumba yake ku Mutare. Amawotcha mphende, nagula tchizi yomweyo m'sitolo, ndipo ikapanda kukoma palibe amene amamanga katundu. Adzukulu amandiseka poona ndikukankhira zobiriwirazo m'mphepete mwa mbale. Ndimawasiya aseke. Iwo amangomva fungo la tchizi, pamene ine fungolo limandibwezera dzanja la bambo anga likunjenjemera m'dzanja langa.