Mtsikana Amene Anapha Injini n'Kuidzutsa

Ana anga, inu amene mukuti moyo wakukanani, tamvani za mtsikana wina amene anthu ankamutcha Chigubu. Mutchere makutu onse awiri, chifukwa dziko lino lili ndi mano.

Tsiku lake loipitsitsa linamupeza ali chigonere m'fumbi m'mphepete mwa msewu, mlomo utatupa, fanulo yothirira mafuta idakali m'manja. Womumenya anali mwini thiraki ina yonyamula miyala. Bamboyo ankagula dizilo kwa mtsikanayu masiku onse, ndipo tsikulo injini yake inanoka pakati pa chitunda, thiraki n'kubwerera chambuyo mpaka m'ngalande.

"Wandiphera galimoto, mfiti iwe! Ana anga adya chiyani?"

Anthu anaunjikana, koma wolanditsa panalibe. Manyazi bwanji! Akuluakulu ndi ndevu zawo kuonerera mwana wamasiye akupondedwa ngati chiguduli.

Nanga dizilo anali wake? Anali wa amalume ake, amene anamutenga makolo ake atamwalira. Iwo ankasakaniza dizilo ndi palafini kuseri kwa nyumba, n'kumatuma mwana kumsewu kuti nkhope yodziwika ikhale yake. Mtsikana atafika akutsimphina anapeza chitseko chotseka, amalume akulankhulira pawindo.

"Wandichititsa manyazi. Nyamula nsanza zako uzipita."

Chenjerani naye wachibale wokukankhirani kutsogolo iye n'kutsala kuseri. Ameneyo sakukulerani, wakusandutsani chishango.

Chigubu anasowa kolowera, ndiye anangotsatira thiraki yakufayo pamene ankaikokera ku galaja. Makaniko wa pamenepo, bambo wachikulire wa diso limodzi, atamasula injini anamuitana. Anamuika m'manja pisitoni, chitsulo chonga kapu, chitabooka pamwamba.

"Taona. Palafini ndi wouma. Amadya pampu, amadya manozo othira dizilo mu injini. Manozo akayamba kudontha, moto umaboola chitsulo."

Misozi ya mtsikanayo inagwera pachitsulopo. "Bambo, sindinkadziwa. Ndiphunzitseni, olo kutsuka zitsulo kokha."

"Kuno kulibe chisoni, kuli girisi. Beseni ilo."

Anayamba. Amakaniko ena akamuona ankakuwa kuti, "Bisani mainjini, wafika wa maliro!" Iye n'kumangotsuka zitsulo. Manja anang'ambika, chikhadabo china chinatsala pansi pa chitsulo. Ndipo inu mukaona galimoto ili pa jeke musamalowetse mutu pansi, ndakuuzani! Koma mtsikanayu ankabwera m'mawa uliwonse. Anachoka pa beseni kupita pa sipanala, mpaka khutu lake linazolowera kumva injini ikamadwala.

Zaka zinapita. Thiraki ija inangokhala pakona ya galaja, udzu utamera m'matayala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mwini wake ankayendetsa magalimoto a anthu ena. Tsiku lina anatulukira. Anali atapeza ntchito yokoka miyala kudutsa pa chitunda chomwe chija, ndipo ankafuna injini yamphamvu kuposa kale.

Makaniko anati, "Diso langa lotsalali lachita nkhungu. Aimanga ndi uyu."

"Yemweyu? Wakupha munthu ndiye akadzutse maliro?"

"Ngati muli ndi wina, kokani chitsulo chanu, nkhuku zanga zipeza pena poikira."

Bamboyo anavomera.

Chigubu anadziwa kuti injini imeneyi ikalephera, dzina la wakupha mainjini adzafa nalo. Wogulitsa zida anabweretsa mapisitoni onyezimira m'bokosi lokongola. Iye anawayesa m'manja, kenako pa sikelo, napeza kuti sakulemera mofanana. Anawabweza. Anasankha tabo yaikulu, chija chimapopera mpweya wambiri mu injini kuti ikoke ngati ng'ombe zolusa. Koma mphamvu imabwera ndi kutentha, ndiye anafunanso gasiketi yolimba yotsekera mpweya mu injini ndi rediyeta yaikulu yoziziritsira. Mwini thiraki ankati manozo akale angotsukidwa.

"Ayi bambo. Amene anaboola chitsulo ndi amenewo. Sabwereramo."

Musamakopeke ndi kunyezimira, ana anga. Njoka nayo imanyezimira.

Tsiku loliza injini linafika, ndipo taonani amene anatulukira pageti: amalume aja, njinga itadzaza zigubu. Anali atamva mbiri. Anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo!

"Mwana wa mlongo wanga uyu! Ndinamulera ndine," anatero akumusisita paphewa. "Achimwene, ndabwera ndi dizilo wotchipa, wa pachibale."

Mwini thiraki nkhope imeneyi sanaidziwe, pakuti kale ankangoona mtsikana kumsewu. Thumba nalo linali litapepuka ndi zida zija. Anatsegula thanki.

Amalume anakokera Chigubu pambali n'kumunong'oneza. "Ukatsegula pakamwa, ulibenso mbale padziko pano. Ukadzafa adzakuika ndi masipanala akowo."

Munthuyu anali wachibale yekhayo wotsala, ndipo mphumi yake inali ya amayi a mtsikanayo yeniyeni. Chigubu anayang'ana amalume, anayang'ana injini imene anaimanga bawuti ndi bawuti. Kenako anaviika zala m'chigubu, n'kuzitikita.

"Tsekani thanki, bambo. Dizilo weniweni amaterera m'zala. Uyu akukhakhala. Ndi yemwe uja anakugwetserani m'ngalande. Ine ndinali wonyamula, osakaniza ndi awa."

Amalume anatukwana, kutukwana mpaka mlongo wawo amene ali m'manda, n'kukankha njinga yawo, zigubu zikugundana. Mwini thiraki anatsala akuyang'ana manja ake.

"Mwana wanga, manja awa anamenya wosalakwa."

"Anamenyadi, bambo, ndipo zinawawa. Tiyeni tikagule dizilo wa papampu. Fyuluta yosefa mafuta muzisintha injini isanayambe kutsokomola."

Anathira dizilo woyera, analiza injini, n'kupita kukapakira miyala. Chigubu anakhala pambali pa dalaivala, khutu lili pa injini. Atayandikira pa ngalande paja, bamboyo anayamba kuchotsa phazi pa chopondera mafuta.

"Pondani, bambo. Ndaimanga ndine."

Anaponda. Tabo inaimba kaluzu, thiraki inakwera osatsamwa, osafuka utsi wakuda, mpaka pamwamba. Bambo wamkulu anatsamira chiwongolero n'kulira ngati mwana.

Lero galaja ija akuyendetsa ndi mtsikana uja. Dzina la Chigubu silinachoke, koma madalaivala amalitchula mwaulemu: "Ukafuna injini yokoka, pita kwa a Chigubu, koma usapite ndi mafuta a m'tchire, akuthamangitsa." Amalume sanamupatsenso moni mpaka pano, ndipo sindikunamizani, zimamupweteka. Koma amayenda mutu uli m'mwamba.

Inunso mwina mwamenyedwera tchimo la wina, wolakwa ali phee m'nyumba. Kwiyani, pakuti n'zokwiyitsadi. Mukatero dzukani, sasani fumbi, mukagwire beseni. Mtima musautaye, ana anga, koma maso akhale otsegula. Ndipo chilichonse chimene munthu akufuna kukuthirirani mu thanki, ngakhale akhale wa magazi anu, yambani mwachitikita m'zala.