Tsiku limene amayi anayang'ana mkamwini wawo m'maso

Kwathu kuno, kufupi ndi Limbuli, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Mabanja ambiri anazisiya kalekale zimenezi, moti apongozi ena amakwera njinga yamoto imodzi ndi akamwini awo, atawagwira m'chiuno. Amayi anga ayi. Iwo mwambo umenewu anaugwira zolimba, ndipo munthu ukawauza kuti dziko linasintha ankangokufunsa ngati nawenso unasintha amayi okubereka.

Mavuto anayamba achemwali anga atakwatiwa ndi wapolisi. Mlamu wangayo anali munthu wamtali, woseka mokweza, wosaumira. Ine ndinkamukonda, ndinene poyera. Akabwera kunyumba ankandiseka kuti mashini anga osokera amalira ngati mbuzi yanjala, ine nkumubwezera kuti yunifolomu yake ikupempha chifundo pamimba. Koma ntchito yake inali yoyendayenda mumsika, ndipo mumsika momwemo ndi mmene amayi ankagulitsa zinanazi.

Ndiye taganizani. Mkamwini wa anthu ena umakumana naye mwa apo ndi apo, panjira ya kumunda kapena pamaliro. Wa amayi ankatulukira paliponse, nthawi iliyonse, boma likumulipira kuti azitero. Akangomuona patali, amayi ankasiya mulu wa zinanazi, kusiya wogula ndalama ili m'manja, ulendo kukabisala kuseri kwa okala. Tsiku lina anathawira m'munda wa nandolo dengu lili pamutu, nkutulukamo chitenje chili zisoso zokhazokha. Anzawo a pamsika ankati m'boma lonse la Mulanje munthu wosalakwa wothawa apolisi ndi mmodzi yekha, ndipo zinanazi ankawagulitsira ndi iwowo mpaka ngoziyo idutse.

Uthenga wa pakati pa awiriwa unkadzera kwa ine. Amayi ali kukhitchini, mlamu ali pakhonde, mawu akumveka bwinobwino, koma ine ndiyende ndithu kukanena kuti amayi akuti mwadzuka bwanji, ndibwerenso kudzanena kuti akuti adzuka bwino kaya inu. Dzina lake sankalitchula. Ankangoti bambo a kwa mwana wanga.

Panali bambo wina wakabaza amene ankawanyamulira amayi zinanazi kuchokera kumunda tsiku lililonse la msika. Anali munthu wamkulu, wa ana ake, wa mpingo wathu, ndipo njingayo ndiyo inali munda wake. Tsiku lina apolisi anabwera kudzathamangitsa akabaza amene ankaima m'mphepete mwa msewu. Amayi, mwa chizolowezi chawo, anamuona mkamwini wawo anthu ena onse asanamuone, nkukabisala kuseri kwa matumba a chimanga chochokera ku Mozambique. Pakati pa matumbawo panali kampata, ndipo pakampata pamenepo anaona zonse. Bambo wakabazayo anachedwa kuthawa chifukwa ankamasula katundu wa munthu. Mlamu wanga anamumenya ndi ndodo pamkono, kumenyanso, mpaka munthu anakhala pansi. Njinga anaiponya m'galimoto ya polisi.

Mkonowo unathyoka. Apolisi anati munthuyo anagwera yekha m'ngalande pothawa. Anthu amene anali pamenepo, msika wonse wodzaza, mwadzidzidzi zinapezeka kuti nthawi imeneyo aliyense ankayang'ana phiri.

Mkulu wina wa mpingo anamuthandiza bamboyo kukadandaula kwa anthu a kulikulu amene ntchito yawo ndi kufufuza apolisi akalakwa. Ife tinkangoti zimenezo nza pawailesi. Koma patapita miyezi kunabweradi galimoto, muli mayi wina wa magalasi ndi bambo wina wosalankhulalankhula. Atamufunsa wodandaulayo ngati ali ndi mboni, anatchula amayi anga.

Achemwali anamva tsiku lomwelo, nkubwera kunyumba mwana ali kumbuyo, maso ali gwa. Anawauza amayi kuti akangotsegula pakamwa ndiye kuti awathetsera banja, ndipo ana adzadya umboniwo. Amayi anawafunsa ngati akufuna kuti akaname. Achemwali anati sakuwatuma kunama, akungowapempha kuti akanene kuti sanaone bwino. Ine ndinapsa mtima ndi onse: ndi achemwali chifukwa chopempha, ndi mlamu chifukwa cha dzanja lake, ndi amayi chifukwa chosankha kubisala pamalo ooneka zinthu. Zimene zinali pamoto zinali zoonekeratu. Amayi akalankhula, mwana wawo woyamba awataya.

Mayi wa magalasi uja anali munthu woganiza. Atamva kuti wapolisiyo ndi mkamwini wa mboni, anati palibe vuto, amayi akalowe m'galimoto, atseke mawindo, anene zimene anaona, ndipo dzina lawo silidzatuluka. Ine ndinati eya, apa Mulungu watiyankha. Amayi anakana. Choyamba, anati, mayi wogulitsa zinanazi akalowa m'galimoto ya boma pa Limbuli, nkhaniyo imafika pa Chonde galimotoyo isanalize nkomwe injini. Chachiwiri, kunena za mkamwini iye palibe ndi miseche, ndipo iwo sanaleredwe choncho. Ngati ali ndi mawu okhudza bambo a kwa mwana wawo, mwini wakeyo awamve ndi makutu ake, ndipo anthu akhalepo.

Mayiyo anasangalala, nkunena kuti ndiye awakhazika pamodzi maso ndi maso. Amayi anakananso. Kukhala moyang'anana ndi mkamwini, zimenezo ayi.

Ndinaona bambo wosalankhula uja akuvula chipewa nkukanda m'mutu. Mboni ikukana kulankhula mseri, ikukananso kuyang'anana ndi woimbidwa mlandu. Koma mayiyo anangoseka, nati agogo ake kwawo ankachita zomwezo, ndipo anapeza nzeru. Pabwalo la tchalitchi chathu pali mtengo wa mango. Pansi pake anaika mpando wa mlamu kuyang'ana kuphiri, nkuyala mkeka wa amayi kuyang'ana kumsewu, awiriwo atafulatirana. Ofufuzawo anakhala chapambali kuti aziona onse.

Anthu anabwera ngati kuli ukwati. Amene ankayang'ana phiri tsiku lija onse analipo, ndipo ulendo uno maso awo ankaona bwino. Wina anafika ndi beseni la zitumbuwa, wina ndi nzimbe. Akabaza anaimika njinga zawo mumzere kunja kwa mpanda, pokonzekera kuthawa zikavuta. Achemwali anakhala patali, pakhonde la tchalitchi, osayang'ana aliyense.

Amayi anayamba ndi kundiuza ine kuti ndiwauze alendowo kuti tsiku limenelo kunacha bwino. Mayi wa magalasi anati pepani mayi, lero mtumiki apume, mulankhule nokha. Ndinachotsedwa ntchito pamaso pa anthu, ntchito imene ndinaigwira zaka zambiri popanda malipiro. Amayi anakonza pakhosi nkufotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pamene anasiya zinanazi mpaka pamene njinga inaponyedwa m'galimoto. Sanawonjezere kanthu. Ananenanso kuti bambo a kwa mwana wawo ndi munthu wabwino pakhomo, amene anawagulira malata a khitchini, ndipo anapempha kuti zimenezonso zimveke.

Itafika nthawi yake, mlamu anaimirira, akuyang'anabe kuphiri. Munthu uja ndi wochenjera. Anati iye apongozi ake amawalemekeza kwambiri, ndipo nawonso amamulemekeza, moti chikwatirire mwana wawo sanamuyang'anepo kumaso ngakhale kamodzi. Aliyense pano akudziwa. Tsono tsiku limenelo apolisi analipo angapo, yunifolomu imodzimodzi. Munthu amene sadziwa nkhope yako angakuloze bwanji?

Bwalo lonse linaseka, chifukwa zinali zoona. Nanenso ndinaseka, kwinaku mtima ukuti mwina apa tapulumukira, umboni ugwe wokha popanda wina kunama.

Amayi anadikira kuti phokoso lithe. Kenako anawauza ofufuzawo kuti munthu amene umamuthawa tsiku ndi tsiku umamudziwa kuposa mkazi wake, chifukwa ukachedwa kumuzindikira mugundana. Anati bambowa akamayenda amaponya mwendo wakumanzere ngati akuingitsa nkhuku, ndipo asanalankhule amayamba akhosomola. Nthawi yomweyo mlamu anakhosomola kuti ayankhe. Anthu anagwa nacho chiseko, mayi wa zitumbuwa mpaka anakhala pansi.

Mayi wa magalasi sanaseke nthawi yaitali. Anati mayendedwe ndi chifuwa wamva, koma nkhaniyi ndi ya mkono wa munthu ndiponso ntchito ya munthu, ndiye sangaimalize ndi mwendo wakumanzere. Anafunsa ngati tsiku limenelo amayi anaona nkhope ya womenyayo. Amayi anati anaiona, pakampata paja, ndipo aka kanali koyamba. Mayiyo anafunsa ngati angatembenuke, ayang'ane bambo ali kumbuyo kwawoyo, anene ngati ndi yemweyo. Anawonjezera kuti sawakakamiza.

Ine ndinkawadziwa amayi, ndipo ndinali wotsimikiza kuti akana. Anakhala kanthawi akuyang'ana mkeka. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, maondo akulira, anamanganso chitenje, nkuzungulira mpando uja mpaka anaima kutsogolo kwa mkamwini wawo. Anamuyang'ana m'maso, nthawi yaitali ndithu.

"Ndi awa," anatero. "Pepani bambo, koma munali inu."

Amene anazolika anali mlamu. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere, cha onse awiri. Nditayang'ana kukhonde la tchalitchi, achemwali anali atachoka.

Ofufuzawo anamvanso anthu ena angapo amene maso awo anali atachira, ndipo madzulo anakwera galimoto. Asananyamuke amayi anawagwira pakhomo la galimotoyo. Anawauza kuti iwo anena zawo poyera, pamaso pa mudzi wonse, ndiye nawonso zimene akapeze adzazinene poyera, pansi pa mtengo womwewo. Mayi wa magalasi anati ayesetsa. Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, chifukwa nkhope yake sinali ya munthu wonyenga.

Sanabwerenso. Patapita nthawi, bambo wakabaza anangouzidwa ndi wapolisi wina panjira kuti akatenge njinga yake, ili potsamira mpanda. Anaipeza matayala ataphwa, popanda womuuza chifukwa chimene aibwezera. Mkono wake unapola mokhota, moti masiku ano amanyamula anthu ochepa thupi okha, ndipo ine amandikana mwaulemu. Kenako tinamva kuti mlamu wasamutsidwa, wapita kutali kumpoto. Pamsika ena ankati chimenecho ndi chilango. Ena ankati wakwezedwa. Ena ankati apolisi amasamutsidwa basi, ngakhale osalakwa. Mwini wake anauza mkazi wake kuti ofufuza sanamupeze ndi mlandu, ndipo akumutumiza kumene kukufunika anthu olimba.

Ndinaimba foni kulikulu kuja kangapo, mpaka mayunitsi kundithera. Amene ankayankha anali aulemu kwambiri. Ankati nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu, ndipo ikatha wodandaula adzadziwitsidwa. Wodandaulayo ndimakumana naye tsiku lililonse la msika, ndipo iyenso amafunsa ine. Chimene chimandipweteka nchakuti sindikupempha kuti munthu amangidwe. Ofufuza aja akanangobwera nkunena kuti tapeza chakuti, kaya chotikomera kaya chotiipira, bwenzi aliyense akudziwa poima.

Achemwali anasamuka ndi ana osadzatsanzika. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, ndipo zidzukulu zimenezo zinakulira pamsana pa amayi. Amaimba foni mwa apo ndi apo, koma amaimbira ine, nkumafunsa za mvula ndi mitengo ya chimanga.

Ulendo wina ataimba, amayi anali pambali panga akusola nandolo. Ndinakweza mawu a foni kuti amve, ndipo ndinalimba mtima nkuwafunsa achemwali kuti adzawakhululukira liti amayi awo.

"Amuna anga akanakhala olakwa bwenzi boma litanena," anayankha choncho. "Mpaka lero palibe wanena kanthu. Ndiye iwe ukufuna ndikhulupirire ndani?"

Amayi anapukuta manja pachitenje, nkusendera pafupi ndi foni. Sanadziteteze. Anangopempha kuti amveko mawu a zidzukulu zawo, ngakhale moni yekha. Achemwali anati ana kulibe, apita kusukulu. Linali Loweruka.