Nyenje ya m'khutu mwa a Fabiano

Alamu anga a Fabiano Kadzuwa, amuna awo a achemwali anga a Katerina, si munthu woti mungawacheukire mutakumana nawo pamsika wa Golomoti. Ndi aafupi, oonda, ndipo njinga yawo mabuleki inasiyana nawo kalekale. Amalima mpunga kusikimu yothirira ya Bwanje ngati wina aliyense. Koma funsani mayi aliyense wamsinkhu wanga, kuchokera kuno mpaka ku Mtakataka, kuti chimtali chokoma anachivina kwa ndani, akuuzani kuti kwa a Fabiano. Ine Matilda ndatsogolera nyimbo pagulu lathu zaka zoposa makumi awiri, ndiye sindikukuuzani zongomva.

Iwo ankaimba mbalule, ng'oma imene imatsogolera zinzake n'kumauza ovina pothyola chiuno. Kuimbako ambiri amaimba. Chimene chinkawasiyanitsa ndi anzawo chinali kuwamba. Ng'oma kuti ilire bwino imayamba yaotha moto kuti chikopa chikungike, ndipo nkhani yagona pamenepa: ukaichotsa msanga imalira ngati chidebe, ukachedwa chikopa chimaphulika. A Fabiano ankasonkha kamoto ka mapesi n'kumaitembenuza ng'omayo pang'onopang'ono, uku akuigogoda ndi chala chimodzi, mutu atapendeketsa. Kenako ankangoti, "Yapsa," ndipo inkakhala itapsadi.

Tsoka linabwera ndi kampeni ya 2004. Gulu lathu linkaitanidwa kukavina kumisonkhano ya ndale, lero chipani ichi, mawa icho. Ife tinalibe nazo kanthu, bola nsalu. Tsiku lina okonza msonkhano anakhazika oimba ng'oma pansi penipeni pa masipika akuluakulu amene anawasanja palole. Wina atagwira maikolofoni molakwika, masipikawo anakuwa mpaka ana kuthawa, tonse n'kugwira m'makutu. A Fabiano manja anali pang'oma, ndipo sakanasiya poti bwana wake wa msonkhanowo anali akufika.

Pobwerera anandifunsa kuti, "Alamu, mukuimva nyenje imeneyi?"

Unali mwezi wa Epulo, nyenje ilire kuti? Ndinawaseka. Ndinati, "Khutu likamalira ndiye kuti wina akukutchulani. Mwina ndi chibwenzi chanu chakale cha ku Mua chija." Pakamwa pangapa sindipakhululukira, chifukwa nyenjeyo sinasiyenso kulira mpaka lero.

Anayesa zonse. Achemwali anawathira mafuta a nsatsi m'khutu. Sing'anga wina anawatema mphini kuseri kwa makutu n'kutidyera mbuzi yaulere. Kuchipatala anawaunika ndi katochi, n'kunena kuti m'khutu ndi moyera, mankhwala ake palibe, koma azipewa phokoso. Woimba ng'oma azipewa phokoso? Bwanji osangomuuza msodzi kuti azipewa madzi.

Ndiye anapeza okha tinjira tawo. Akaweruka kumunda ankakhala m'mbali mwa ngalande ya kusikimu, pamene madzi amagwa ndi mkokomo, poti mkokomowo unkaphimba kulirako. Kunyumba ankatsegula wailesi pamalo popanda siteshoni kuti izingoti shii, mpaka mabatire kutha. Akamaimba ng'oma nyenjeyo inkabisala, koma gule akatha inkabwerera itakwiya, masiku atatu osawapatsa mpata. Munthu wanthabwala uja anayamba kukalipira ana pa zinthu zopanda pake, kenako n'kumapepesa. Achemwali ankawachonderera kuti asiye. Iwo ankangoti akasiya ng'oma atsala ndi mpunga basi.

Chimene sanafune kuti chidziwike n'chakuti kuwamba kunali kutawathawa. Kamawu ka chala kaja sikankawafikanso, nyenje inkakameza. Woyamba kuzindikira ndinali ine, tsiku lina ataichotsa ng'oma pamoto isanapse, amayi n'kumayang'anana pabwalo. Nditawafunsa pambali anakana, anakananso, kenako misozi inatsika, bambo wamkulu. "Pius akadziwa, mbalule yapita," anatero. Pius ndi mnzawo amene ankaimba ng'oma yachiwiri, munthu wabwino ndithu, koma mbaluleyo ankaimezera mate kuyambira kale. Choncho tinapangana kuti iwo akamawamba, ine ndiziima chapafupi ngati ndikukonza nsalu, ndipo ng'oma ikapsa ndizimasula duku n'kulimanganso. Tinaunamiza mudzi wonse motero zaka zinayi, uku makutu awo akunka nagontha.

Kenako unabwera ukwati wa Prisca, mwana wawo womaliza. Bambo a mkwatibwi amayenera kukhala pampando atavala jekete, koma iwo anali atamulonjeza mwanayo kuti nyimbo yomulowetsera pabwalo adzaimba okha. Tsikulo ine, monga mayi ake aang'ono, ndinali m'nyumba ndikusoka diresi lake limene zipi inathothoka pochokera kutchalitchi. Ndinamva fungo la mapesi akuyaka. Ndinadziwa tanthauzo lake, koma ndinati ndimalize kaye, kwatsala pang'ono, adikira. Sanadikire, chifukwa tcheyamani wa ukwati ankawafulumiza, ndipo Pius anali ataima pomwepo akuyang'ana.

Nditatuluka, singano ikadali m'manja, ndinawaona atagwada pamoto, ng'oma ataiyandikitsa kwambiri, nkhope atatembenuzira kukhamu kufunafuna duku langa. Ndili pakhonde pomwepo ndinamva kuti yapitirira kale, inkalira mouma. Ndinavula duku n'kuligwedeza m'mwamba, ndinawaitana, koma amayi anali akululuta ndipo iwo ankayang'ana mbali ina. Chikopa chinati phu. Onse amene anali pafupi anamva, kupatula mwini wake. Anapitiriza kugogoda, maso ali kukhamu, mpaka chala chinalowa m'chibowo.

Anachiyang'ana chibowocho kanthawi. Kenako anadzuka, anakavala jekete, n'kukakhala pampando wa bambo a mkwatibwi, manja ali m'maondo. Prisca analowa pabwalo ndi ng'oma ya Pius, atazolika monga achitira mkwatibwi, misozi ikutsuka paudala. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ukanapanda kukhala ukwati wa mwana wanga, ndikanamuthira mbama.

Patapita masiku ndinakapepesa. Sanandiimbe mlandu ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi n'chimene chimandipweteka kwambiri. Bola akanandilalatira. Poona kuti mwezi watha osakunganso ng'omayo, ndinakagula chikopa cha ng'ombe kwa opha nyama ku Mtakataka n'kupita nacho kwawo. Ndinawapeza ali pakhonde, ng'oma ija itagona m'khitchini, nkhuku itaikiramo mazira.

"Alamu, ichoke nkhukuyi tikunge ng'oma," ndinatero. "Ndiziimanso pafupi. Ngakhale kugwe chiyani sindidzachokaponso."

Anandiyang'ana pakamwa, monga amachitira masiku ano munthu akamawalankhula. "Ndiye ndiziimbira ndani, alamu? Inu mudzamva, Pius adzamva. Ine ndizingomva nyenje yangayi." Kenako anati, "Isiyeni nkhukuyo iswe."

Chikopa chija achemwali anachiyanika, pano amakhalira akamapeta mpunga. Nkhukuyo inaswa anapiye asanu ndi awiri, ndipo ina yalowamo kale.